Sizasi ya M'thupi: Mbiri ya Insulini ndi Timabotolo ta m'Labotale

Ngati munaphunzirako Biology ku sekondale, mulidziwa botolo lija la mankhwala a buluu ochedwa Benedict's solution. Mumathira pang'ono m'kabotolo ka galasi pamodzi ndi madzi a cakudya, n'kutenthetsa. Ngati mulibe shuga wonga glucose, madziwo amakhalabe a buluu. Ngati alimo wambiri, amafiira ngati njerwa yoocha. Ambiri a ife tinaloweza zimenezi pofuna kupasa mayeso cabe. Koma mankhwala otere, amene a sayansi amawacha ma reagent, ali ndi mbiri yao, ndipo mbiriyo ikhudza mabanja athu muno m'Makeni, ku Kabwata, ku Chelstone ndi mu Lusaka monse.

Reagent si mankhwala akumwa kapena olasa wodwala. Nchito yake ndi kuonetsa zimene maso sangaone: imasintha mtundu, imawala, kapena imamamatira ku cinthu cimodzi cokha pakati pa zinthu zikwizikwi. M'nkhani ino tiona m'mene timabotolo totere tinathandizira anthu kudziwa insulini, ndiponso kupeza sizasi ya m'thupi imene imaidula kuti iyambe kugwira nchito.

MATENDA AKALE

Matenda a shuga anadziwika kalekale. Asing'anga akale a ku India anaona kuti nyerere zimaunjikana pa mkodzo wa odwala ena. Koma gwero la matendawa silinadziwike kufikira m'caka ca 1889, pamene Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering, mu mzinda wa Strasbourg, anacotsa kapamba wa galu. Kapamba amene tikunena pano ndi uja ali kumbuyo kwa cifu, amene madokotala amati pancreas. Galuyo anayamba kukodza kwambiri, ndipo mu mkodzo wake munali shuga. Apa anthu anazindikira kuti kapamba amatulutsa kanthu kena koyang'anira shuga wa m'magazi.

Kanthu kotere timakacha homoni. Homoni ndi mthenga wa m'thupi: imapangidwa m'ciwalo cimodzi, n'kuyenda m'magazi kukauza ziwalo zina zocita. Homoni ya m'kapamba imeneyi ndiyo insulini, ndipo uthenga wake ndi wakuti maselo a thupi alandire shuga wocokera ku nsima imene tadya. Ikasowa, shuga amadzala m'magazi pamene thupi lili kuonda ndi njala. Stanley Benedict wa ku America analengeza reagent yake ija mu 1909, ndipo kwa zaka zambiri odwala anali kuyesa nayo mkodzo kunyumba. Koma kuyesa si kucira. Mwana wopezeka ndi matendawa masiku amenewo kawirikawiri sanali kutha zaka ziwiri.

MNYAMATA WA KU TORONTO

Mu 1921, pa University of Toronto ku Canada, dokotala Frederick Banting ndi wophunzira Charles Best anayamba nchito m'labotale ya Profesa John Macleod. Best anali ndi zaka 22 cabe, msinkhu wa ambiri a ife. Anali kusinja kapamba, kusefa madzi ake, kulasa agalu odwala, n'kuyesa magazi ao. Shuga anali kutsika, koma madziwo anali ndi zitsotso zoopsa kwa munthu. James Collip ndiye anawayeretsa pogwiritsa nchito alcohol.

Pa 11 January 1922 analasa wodwala woyamba, Leonard Thompson, mnyamata wa zaka pafupifupi 14 amene anali pafupi kufa. Jekeseni yoyamba sinathandize kwenikweni. Pa 23 January anam'lasanso ndi insulini yoyeretsedwa ndi Collip, ndipo mnyamatayo anatsitsimuka, nakhala ndi moyo zaka zina 13. Mu 1923 Banting ndi Macleod analandira mphoto ya Nobel, ndipo Banting anagawana ndalama zake ndi Best, Macleod ndi Collip. Banting, Best ndi Collip anagulitsa umwini wa mankhwalawo ku yunivesite pa mtengo wa dola imodzi munthu aliyense. Tsiku lobadwa Banting, 14 November, ndilo dziko lonse limakumbukira matenda a shuga.

KUWERENGA MIKANDA

Kwa zaka 60 insulini ya odwala inali kucokera ku kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba. Poyamba panalibe wodziwa kapangidwe kake. Amene anakaulula ndi Frederick Sanger wa ku Cambridge, ku England, mwana wa dokotala amene anagwirako nchito ya umishonale ku China.

Insulini ndi puloteni. Puloteni iriyonse iri ngati mikanda yotungidwa pa ulusi. Mikandayo amati ma amino asidi, ndipo iripo mitundu 20. Mu 1945 Sanger anayamba kugwiritsa nchito reagent imene lero imachedwa ndi dzina lake. Reagent imeneyi imapaka cikasu mkanda woyamba wa pa ulusi. Iye anali kudula insulini m'tizidutswa, kupaka cikasu, kuona mkanda umene wapakika, n'kulumikiza m'maganizo tizidutswato kufikira ndondomeko yonse itaoneka.

Podula anali kugwiritsa nchito asidi ndi maenzaimu. Enzaimu musaiope dzina, mumaiona kunyumba. Amai akaika mizu ya munkoyo m'phala lolimba, phalalo limasungunuka n'kuyamba kuzuna. Imeneyo ndi nchito ya maenzaimu a m'mizumo, amene amadula sitachi kukhala shuga. Maenzaimu ena amadula mapuloteni m'malo mwa sitachi.

Mu 1955, patapita zaka khumi, Sanger anamaliza. Insulini ili ndi mikanda 51 pa maulusi awiri: ulusi A wa mikanda 21 ndi ulusi B wa mikanda 30, omangidwa pamodzi pa malo awiri. Analandira Nobel mu 1958. Koma yankho lake linabala funso lina. A sayansi akasakaniza ulusi A ndi ulusi B m'botolo, kawirikawiri anali kumangana molakwika, ndipo insulini yeniyeni inali kutuluka yocepa. Nanga thupi limatha bwanji kumanga bwino tsiku ndi tsiku?

BELU PA KHOSI LA MBUZI

Funsoli linafuna zida zatsopano. Ca m'ma 1959 ndi 1960, Rosalyn Yalow ndi Solomon Berson a ku New York anapeza njira yopimira insulini m'kadontho ka magazi. Anagwiritsa nchito ma antibody, asilikali a m'magazi amene amagwira cinthu cimodzi cokha. Ma antibody ogwira insulini anawatenga m'magazi a mbira, zomwezi ena amaweta kuseri kwa nyumba. Yalow analandira Nobel mu 1977, Berson atamwalira kale mu 1972.

Cida cina cinali ma amino asidi otulutsa ceza cimene makina amatha kumva. Zili ngati kumanga belu pa khosi la mbuzi: kulikonse kumene yalowera, mumaidziwa.

Mu 1965, Donald Steiner wa pa University of Chicago anamva kuti pa cipatala ca pa yunivesiteyo acita opaleshoni wodwala amene anali ndi cotupa ca m'kapamba, cotupa cosaoneka kawirikawiri cimene cimapanga insulini yambiri. Anapempha kacidutswa, nakadula mopyapyala, nakaika m'madzi okhala ndi ma amino asidi a belu aja. Maselo a cotupaco anatenga mikandayo n'kuyamba kuitunga. Steiner atayang'ana, anapeza kuti belu likulira pa insulini, komanso pa puloteni ina yaikulu kuposa insulini, imene ma antibody a insulini anali kuigwiranso. Ataithira pang'ono enzaimu ya m'matumbo yochedwa trypsin, puloteni yaikuluyo inaduka, ndipo panatsala cofanana ndi insulini. Poyesanso motsata nthawi, anaona kuti belu limayamba kumveka pa puloteni yaikulu, ndipo pambuyo pake pa insulini.

Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1967, ndipo puloteniyo anaicha proinsulin, ndiko kuti kholo la insulini. Thupi silipanga A payekha ndi B payekha ai. Limatunga ulusi umodzi wa mikanda 86: B kuciyambi, A kumapeto, ndi cigawo ca pakati cochedwa C-peptide, ca mikanda 31. Ulusiwo umapindika, ndipo cigawo ca pakatico cimagwira A ndi B moyang'anizana, monga kalipentala amapanikizira matabwa awiri podikira guluu kuti agwire. Akamangana, C-peptide imadulidwa. Werengani nokha: 21 kuonjeza 30 kuonjeza 31 ndi 82. Mikanda inai yotsala ndiyo imakhala pa malo awiri odulirapo, ndipo imatayidwa.

ZAKA 23 ZOFUNA SIZASI

Trypsin imadula malo ambiri, cifukwa nchito yake ndi kugaya cakudya. M'kati mwa selo mufunika sizasi ya telala waluso, yodula pa mzere wa coko pokha. Caka comweco ca 1967, Michel Chrétien wa ku Canada ndi Choh Hao Li, ku California, anali kufufuza mahomoni a pituitary, kaciwalo kakang'ono ngati nshawa kamene kali pansi pa ubongo. Iwonso anaona kuti homoni yaing'ono imabisala m'puloteni yaikulu, ndi kuti podulirapo pamakhala mikanda iwiri ya mtundu wa lysine kapena arginine yotsatizana. Cizindikiro ca telala cinadziwika, koma sizasi sinaoneke.

Kuifuna kunatenga zaka 23. Enzaimuyo imapezeka yocepa kwambiri, ndipo ukasinja maselo, maenzaimu ena ogaya zinyalala za m'selo amatayika n'kuyamba kudula ciriconse. Ofufuza angapo anaganiza kuti aipeza, koma poyesanso zinaoneka kuti si imeneyo.

Thandizo linacokera ku yisiti, yomweyi tifufumitsira buledi ndi vitumbuwa. Mu 1984 David Julius, Jeremy Thorner ndi anzao ku Berkeley, California, anaonetsa kuti yisiti nayonso imapanga mthenga wake ali wautali, ndipo enzaimu yochedwa Kex2 imam'dula pa cizindikiro comwe cija. Anadziwanso jini yake, ndiko kuti malangizo a mu DNA opangira enzaimuyo. M'zaka zomwezo kunatulukira njira ya PCR, yoculukitsa kacidutswa ka DNA kambirimbiri. Ndiyo njira imene inali kupima COVID-19, ndiponso imene imapima HIV mwa makanda. Ofufuza anapanga tizidutswa ta DNA tofanana ndi ta Kex2, natigwiritsa nchito ngati nyambo powedza majini ofanana nayo m'maselo a nyama ndi a anthu.

Mu 1990 nyambo inagwira. Ku Chicago, Steven Smeekens ndi Steiner anapeza enzaimu yochedwa PC2. Ku Montreal, Nabil Seidah ndi Chrétien anapeza PC1 ndi PC2. Seidah ameneyu ndi mwana wa Africa, anabadwira ku Egypt ndipo digiri yake yoyamba anaitengera ku Cairo University. Zilembo za PC ziimira prohormone convertase, enzaimu yosandutsa kholo la homoni kukhala homoni. M'makoswe a m'labotale PC1 imadula mbali imodzi ya C-peptide ndipo PC2 imadula inayo. Mwa munthu zaoneka kuti PC1 ndiyo imagwira nchito yaikulu. Enzaimu yacitatu, carboxypeptidase E, imasadza mikanda yotsalira kunsonga.

Umboni wakuti sizasi imeneyi ndi yofunika unacokera ku Cambridge mu 1997. Stephen O'Rahilly ndi anzake anafotokoza za mai wina amene ananenepa kwambiri kuyambira ubwana, ndipo m'magazi mwake munali proinsulin yambiri koma insulini yocepa. Anapeza kuti jini yake ya PC1 inali yoonongeka. Ulusi unali kupangidwa, wodula ndiye anasowa.

TIMABOTOLO TA LERO

Lero tidziwa kuti banja la maenzaimu amenewa lili ndi ana 9. Wotsiriza, PCSK9, anapezeka mu 2003, ndipo amakhudza mafuta a m'magazi ochedwa cholesterol. Pofika 2015 kunali kale mankhwala olimbana naye. Wina wochuka ndi furin, amene amapezeka m'maselo pafupifupi onse a thupi.

Wofufuza maenzaimu amenewa amafuna ma reagent anai makamaka. Woyamba ndi enzaimu yeniyeniyo, yopangidwa m'maselo oweta m'labotale. Waciwiri ndi kaulusi kacinyengo ka mikanda yowerengeka, kokhala ndi cizindikiro cija ndi utoto umene umawala pokhapokha kaulusiko kataduka. Kuwala kukaculuka, ndiye kuti sizasi ili pa nchito. Wacitatu ndi coletsa, kanthu kolowa pakamwa pa sizasi n'kuimanga, kuti aone cimene cileka kucitika. Wacinai ndi antibody, woonetsa pamene enzaimu ili m'selo. Ambiri a ma reagent amenewa amasungidwa ozizira kwambiri, ndipo akafunda amaonongeka.

Ndi coletsa cotere, ofufuza a ku Marburg, ku Germany, anaonetsa mu 1992 cinthu cotikhudza ife a ku Zambia. Puloteni ya pa cikopa ca kacirombo ka HIV, yochedwa gp160, iyenera kudulidwa pawiri kuti kaciromboko kathe kulowa m'selo lina, ndipo kamabwereka furin wathu kuti adule. Mu 2020 kunaonekanso kuti kacirombo ka COVID-19 kali ndi malo odulidwa ndi furin. Izi sizitanthauza kuti mankhwala ocotsa HIV apezeka. Thupi limafuna furin pa nchito zake zambiri, conco kumuletsa n'kobvuta. Ma ARV ndiwo mankhwala othandiza, ndipo amene ali pa mankhwalawa apitirize.

PHINDU LAKE KWA ODWALA

Mungafunse kuti, nanga wodwala shuga wa ku Makeni wapindulanji? Coyamba, kuyambira 1982 insulini ya munthu imapangidwa m'mafakitale ndi mabakiteriya kapena yisiti, ndipo mafakitale ambiri amatsanzira thupi: amapanga ulusi umodzi, n'kuudula ndi maenzaimu. Caciwiri, popeza insulini iriyonse ya m'thupi imatuluka ndi C-peptide imodzi, pamene ya m'botolo ilibe, dokotala akapima C-peptide amadziwa mphamvu imene yatsala m'kapamba wa wodwala, ngakhale wodwalayo akulasa jekeseni.

Kupima kotere kwayamba kuulula za Africa. Mu 2025 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ana ndi acinyamata odwala shuga ku Cameroon, Uganda ndi South Africa. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anali osowa insulini, koma analibe ma antibody olimbana ndi kapamba amene amapezeka mwa odwala ambiri a ku Ulaya. Zionetsa kuti zolembedwa m'mabuku a kunja sizifotokoza zonse za matenda athu.

Koma nzeru yopanda zida siifika kwa wodwala. Mu 2005 bungwe la International Insulin Foundation linasindikiza zimene linapeza ku Zambia ndi ku Mozambique. Linayerekeza kuti munthu wamkulu wofuna insulini m'tauni ya ku Zambia angakhale zaka 27 atapezeka ndi matendawa, pamene mwana wa kumudzi ku Mozambique angakhale miyezi 7 yokha. Cimodzi mwa zifukwa cinali kusowa kwa zopimira shuga m'zipatala zambiri zing'onozing'ono. Kapepala kaja amadonthezapo magazi a ku cala ndi reagent nakonso, kali ndi enzaimu yozindikira glucose. Kakasowa, matenda amabisala. Ndipo magetsi akamazima maola ambiri, monga zinacitikira mu 2015, 2019 ndi 2024 madzi atacepa ku Kariba, firiji ya labotale ndi firiji ya wodwala zonse zimakhala pa ngozi.

ZOTI TICITE IFE

Anzanga, dziwani zizindikiro za matendawa: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, kuonda munthu akudya bwino, ndi kutopa. Mnzathu akayamba kuonda, ena amathamangira miseche ya kacirombo, ena amati walodzedwa. Inu m'perekezeni ku kiliniki yapafupi kapena ku UTH akapimidwe. Kupima shuga ndi kadontho kamodzi ka magazi.

Ngati m'gulu mwanu muli wolasa insulini, m'tetezeni. Asasale kudya popanda uphungu wa dokotala. Pa msasa wa acinyamata kapena pa pemphero la usiku wonse, akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kulankhula zosokonekera, kawirikawiri shuga watsika. Ngati atha kumeza, m'patseni madzi a shuga kapena siwiti msanga. Ngati wakomoka, musam'thire kanthu m'kamwa, thamangani naye ku cipatala. Insulini yake ikhale pozizira, kutali ndi dzuwa, koma isaume ngati ayisi.

Ndipo wina aliyense asamuuze kuti ataye jekeseni posonyeza cikhulupiriro. Wodwala amene kapamba wake analeka kupanga insulini angafe m'masiku owerengeka akaileka. Tim'pempherere, inde, koma tim'kumbutsenso nthawi ya mankhwala. Mulungu amene anaika sizasi yodabwitsa m'selo ndiye anapatsanso anthu nzeru ndi kuleza mtima koifuna zaka 23. Luka, mlembi wa Uthenga Wabwino, anali sing'anga, ndipo mpingo sunamuone ngati wocepa cikhulupiriro.

Potsiriza, inu amene mumakonda sayansi, musaganize kuti udokotala ndi unesi ndizo nchito zokha za ku cipatala. Dokotala amadalira munthu wa m'labotale amene odwala samuona. Lowani kalabu ya JETS ku sukulu kwanu, limbikirani Chemistry, Biology ndi masamu, ndipo funsani za maphunziro a biomedical sciences ku Evelyn Hone College kapena ku University of Zambia. Ma reagent ambiri timawagula kunja ndi ndalama zakunja, ndipo mafunso a matenda a shuga a kuno kwathu akali kudikira owayankha. Best anayamba ali ndi zaka 22. Kumeneko kulinso utumiki.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Kodi m'gulu lathu kapena m'mabanja mwathu muli odwala shuga? Timawathandiza bwanji pa misonkhano ndi pa misasa?

2. Mnzanu wauzidwa kuti aleke mankhwala cifukwa wapemphereredwa. Mungam'yankhe ciani, ndipo mungapite naye kwa yani?

3. Banting, Best ndi Collip anagulitsa umwini wa insulini pa dola imodzi. Kodi Mkhristu waluso ayenera kuliona bwanji luso lake?